Gitala imene ndinalanda mu Fomu 3

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndili ndi mlandu woti ndiulule.

Sabata yatha mmodzi mwa inu, amene pano akugwira ntchito ku Lusaka, ananditumizira nyimbo pa foni. Anangolemba kuti, "Aphunzitsi, tamverani iyi." Netiweki ya kuno ku Likoma mukuidziwa, ndinachita kukwera pa mwala kuseri kwa nyumba kuti nyimboyo ifike. Itayamba kulira ndinangokhala pansi pomwepo. Gitala yokalipa, yosasa mawu, ng'oma zothamanga ngati wina akuzithamangitsa. Ndinati iyi ndi ya m'ma 1970 basi. Ayi ndithu, inali ya mu chimbale cha Sogolo chimene gulu la WITCH linatulutsa mu 2025.

Phokoso limeneli ndinalimva koyamba ndili kamwana. Amalume anga, monga abambo ambiri a pachilumba pano, anapita kunja kukafuna ntchito, iwo ku migodi ya ku Kitwe. Pobwera pa Ilala anatsika ndi galamafoni ya mabatire ndi mbale zingapo, zina za Paul Ngozi, ina ya WITCH yotchedwa Lazy Bones!! ya mu 1975. Agogo anakana kuti mbale imeneyo ilire m'nyumba mwawo atamva kuti dzina la gululo pa Chingerezi ndi mfiti. Musawaseke. Tchalitchi chathu cha St Peter chili pa Chipyela, malo amene kale ankaotcherapo anthu owaganizira ufiti, ndiye mawu amenewa kuno sitisewera nawo. Amalume anafotokoza kuti zilembozo zikuimira We Intend To Cause Havoc, kunena kuti tabwera kudzasokoneza, koma agogo anati chimenecho ndiye choipa koposa. Mbaleyo tinkakamvera kunyanja, pansi pa mlambe.

Nyimbo zimenezi amazitcha Zamrock. Anyamata a ku Zambia anamva Jimi Hendrix, Rolling Stones ndi Black Sabbath, n'kusakaniza ndi kamenyedwe ka ng'oma za kwawo. Woimba wa WITCH, Emmanuel Chanda, ankadumpha pa siteji ngati Mick Jagger mpaka anthu anamupatsa dzina loti Jagari. Pulezidenti Kaunda atalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za ku Zambia, magulu monga Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family anapeza mpata. Kenako mtengo wa kopa unagwa, ndalama zogulira mbale zinasowa, anthu anatembenukira ku disiko ndi kalindula, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa amene anayambitsa WITCH, Jagari anatsala yekha.

Apa ndi pamene nkhani ikutikhudza ife a choko. Jagari atasiya gulu anakakhala mphunzitsi. Inde, munthu amene ankagwedeza maholo a ku Lusaka ankalemba masikimu ngati inu ndi ine. Pambuyo pake anakalowa m'maenje kukumba miyala ya mtengo wapatali. Kampani ya ku America ya Now-Again itasindikizanso nyimbo zawo zakale mu 2012, achinyamata a ku Ulaya anayamba kumufunafuna. Gio Arlotta wa ku Italy anapanga filimu ya moyo wake imene inatuluka mu 2019. Gulu linadzukanso, muli Jagari, Patrick Mwondela amene ankaimba kiyibodi mu WITCH ya m'ma 1980, ndi anyamata ngati Jacco Gardner wa ku Netherlands. Mu 2023 anatulutsa Zango, patatha zaka pafupifupi 40 osajambula chimbale.

Magulu odzutsa rock yakale alipo ambiri. Greta Van Fleet ya ku Michigan anthu amati ikumveka ngati Led Zeppelin, ndipo ine nditaimva ndinavomereza. Amatha, sindikana, koma ndimawamva ngati mwana wovala jekete la bambo ake: lokongola, manja okha kutalika. WITCH ndi ina. Mwini jekete wabwera yekha, ndipo walola ana kusokapo matumba atsopano. Mu Zango muli ngakhale Sampa the Great, mtsikana wa rap. Zikundikumbutsa malipenga athu. Makolo anaonera perete wa asilikali a atsamunda, n'kutenga zikho kupanga malipenga awoawo, ndipo lero palibe anganene kuti guleyo ndi wobwereka.

Tsono mlandu wanga uja. Amene ananditumizira nyimboyi ndi mnyamata yemwe ndinamulanda gitala ali Fomu 3. Anaipanga yekha: chigubu cha mafuta, thabwa la bwato lakale, nsambo za waya. Ankailiza nthawi ya sitade kuseri kwa kalasi, anzake atamuzungulira. Ndinamulanda pamaso pa onse, n'kumuuza kuti gitala sidzamulembera MSCE. Ndinalonjeza kumubwezera akamaliza mayeso. Anakhoza bwino, anakwera Ilala, ndipo ine ndinaiwala.

Kunena zoona, mpaka lero sindikuona kuti ndinalakwa kuletsa phokoso nthawi ya sitade. Makolo ake anali asodzi, fizi ankaipeza movutikira, ndipo satifiketi ija ndi imene ikumudyetsa. Chimene chikundiwawa n'chakuti sindinamufunse n'kamodzi komwe kuti aimbe ndimve. Ine amene ndinkathawa kunyumba kukamvera mbale ya amalume pansi pa mlambe! Tinali ndi kwaya, tinali ndi kalabu ya zisudzo, koma mwana wa gitala tinkamuona ngati chiyambi cha uchidakwa. Aphunzitsi anzanga, ndani mwa inu alibe kabati yodzaza ndi zinthu zolanda?

Ndinamuyankha kuti nyimbo ndaimva, ndipo ndinamufunsa ngati amaimbabe. Anati, "Ayi aphunzitsi, ndinasiyira pomwe paja." Sanawonjezere kanthu, ndipo sindikudziwa ngati ananditumizira nyimboyo pondikumbutsa kapena pongofuna kundisangalatsa.

Loweruka ndinafufuza m'katundu wanga wakale ndipo gitala ija ndinaipeza pansi pa mapepala a mayeso. Chigubu chachita dzimbiri, nsambo ziwiri zinaduka, koma thabwa lili bwinobwino, ndipo dzina lake analemba ndi msomali likuwerengekabe. Ndatuma mnzanga amene akupita ku Mzuzu kuti akandigulire nsambo zenizeni. Mwini wake akuti abwera pa Khirisimasi kudzaona amayi ake.