Lamya Iyankha Cimene Waifunsa

Pa chuthi ca mu Ogasiti mwana wanga wamkazi anabwera kucokera ku Petauke, kumene wayamba nchito ya uphunzitsi. Titadya nsima ya madzulo anakhala pambali panga pa khonde, nandionetsa lamya yake. "Atate, taonani. Pomakwanitsa zaka 45 ndidzakhala ndi K228,000."

Ndinabvala magalasi. M'lamyamo munali pulogalamu yowerengera ndalama zosunga, yonga zambiri zimene zipezeka pa intaneti. Imafunsa mafunso atatu: udzasunga zingati pa mwezi, kwa zaka zingati, ndipo ciwongola dzanja cidzakhala cotani. Iye anali atalemba K300, zaka 20, ndi maperesenti 10 pa caka. Zocokera m'thumba mwake zikanakhala K72,000 cabe; zotsalazo ndi ciwongola dzanja cimene naconso cibala cinzake. Atakoka cala pa galasi kucepetsa zaka kufika pa 10, mzere wokwera uja unatsika mpaka K61,000. Masamu amenewa ife tinawaphunzira ku sukulu ya misyoni ndi choko ndi cikoti, ndipo funso limodzi linali kutidyera theka la ora. Sindibisa, ndinacita nazo kaso.

Koma mtima wanga unathamangira kwa malemu atate anga. Iwo anapuma nchito ya ukalaliki mu 1991, ndipo ndalama zao za penshoni anaziika ku banki, akuti adzamange nyumba ya malata ndi kugula ng'ombe ziwiri zolimira. Anali munthu wosamala, wolemba ngwee iliyonse m'kabuku. Mu 1993 mokha mitengo ya zinthu m'dziko muno inakwera ndi maperesenti oposa 180. Pamene anapita kukatapa, ndalama zija zinagula njinga ndi malata owerengeka. Palibe amene anawabera. Nambala ya m'buku la ku banki inali kukula ndithu mwezi ndi mwezi. Pamene Bank of Zambia inacotsa maziro atatu pa Kwacha pa 1 Januwale 2013, K1,000 nkusanduka K1, ine ndinaona maziro amenewo ngati zipsera za zaka zija.

"Mwanawe," ndinatero, "taifunsa kuti K228,000 imeneyo idzagula matumba angati a unga."

Anaseka, koma anafufuza. Pansi penipeni panali kabokosi ka kukwera kwa mitengo, kamene kanali pa ziro cifukwa palibe anakakhudza. Tinalembamo 10. Lamya inayankha mosacita manyazi kuti cuma conse cija cidzagula zimene K34,000 igula lero.

Mwanayo anakhala cete nthawi yaitali, ndipo ine ndinayamba kudzimvera cisoni. "Nanga ndisungirenji, atate?" Funso lomweli ndinalimva kwa anzanga ambiri mu 2023, pamene lamulo linalola mamembala a NAPSA kutapako maperesenti 20 a zopereka zao asanapume nchito. Ena anamalizira nazo nyumba. Ena lero sakumbukira kumene zinapita. Ndinaopa kuti ndi nkhani ya agogo ake ndazima moto umene iye anali atangokoleza.

Apa ndipo pamene kamakina kaja kanandiposa. Ine ndidziwa kucenjeza, koma iko sikatopa kuyesanso. Tinayesa K500, naona kuti malipilo sangalole. Tinayesa zaka 30. Potsiriza iye mwini anati tiyese kuwonjezera maperesenti 10 caka ndi caka, K300 caka cino, K330 ca mawa, K363 cotsatira. Yankho linapitirira pang'ono K70,000 ya mphamvu ya lero. Si cuma coopsa ai, koma ndi kawiri kuposa poyamba, ndipo ndi nambala imene munthu angaiimire.

Amai ake, amene anali kupeta mpunga osalankhula, anafunsa ngati m'lamyamo muli kabokosi ka maliro, ka cilala conga ca 2024, kapena ka mlongo wake amene adzafuna fizi ya ku koleji. Munalibe. Anagwirizana awiriwo kuti K100 ina izipita ku cilimba ca aphunzitsi anzake, kuti bvuto likagogoda asakhudze zija za zaka 20.

M'mawa, popita kukakwera basi, anandipempha kabuku ka agogo ake. Masamba a kumapeto anali asanalembedwe, ndipo pa loyamba la iwo analembapo: Januwale, K330.