Nambala ya ku lab siinena zonse

Ku Matero, ku Kanyama, ku Chawama, ambiri tili naye mnzathu amene akumwa ma ARV. Caka catha pepala ya viral load inanena kuti kacilombo sikanaoneke. Manje yabwela na 80, ndipo munthu wayamba kale kufunsa ngati mankhwala aleka kuseŵenza. Ena amafika pofuna kuleka kumwa, ndipo apa ndiye pamatiŵaŵa.

Makina sapima magazi onse a m'thupi. Amatenga pang'ono cabe. Zili monga kutapa meda imodzi m'saka ya nyemba ku Soweto Market: mukapanda kupeza kamwala, si kuti saka yonse ilibe miyala. Tapaninso, mwina mupeza tuŵili.

Vuto iyi imavutitsa ngakhale ma lab a ndalama zambiri. Asayansi masiku ano amapima selo imodzi payokha, kuti aone majini amene akuseŵenza mkati mwake. Ku Wellcome Sanger Institute ku England anacita zimenezi pa tuzilombo twa malungo, mu nchito yochedwa Malaria Cell Atlas. Koma RNA ya mu selo imodzi ni yocepa maningi, ndipo makina amagwilako gawo cabe. Jini ingakhale ikuseŵenza bwino, koma kompyuta yalemba 0. Nchito yaikulu imakhala kusiyanitsa 0 yeniyeni na 0 ya makina amene anaphonya.

Cimene cimatidabwitsa n'cakuti kusinthasintha kwina si kwa makina. Mu 2002, Michael Elowitz na anzake anaika majini aŵili opanga kuwala kwa mitundu iŵili mu mabakiteliya a E. coli, onse oyatsidwa mofanana. Maselo a mtundu umodzi, okulila pamodzi, anatuluka owala mosiyana. Selo nayo siicita zinthu mofanana nthawi zonse, monga mapasa oleledwa nyumba imodzi.

Ndiye cifukwa cake ku kliniki sathamangila kusintha mankhwala pa result imodzi. Malangizo a WHO amati mankhwala alephela ngati viral load yapitilila 1,000 kaŵili motsatizana, patapita miyezi itatu munthu akuthandizidwa kumwa bwino. Ba nurse akakuuzani kuti mukabwelenso mudzapimitse, sikuti akukutayani. Mnzathu wa 80 uja timamupelekeza cabe pa tsiku imene anamulembela, botolo yake ya mapilisi ili m'cola.