Ka udzudzu kanapulumutsa citseko ca atate

Inu amene munazolowera kuti ine ndizikuuzani za woimba wasiya mkazi, kapena uja wafika pa shoo anthu atayamba kale kubwerera kunyumba, sabata ino mundikhululukire. Nkhani yanga ni ya citseko.

Citseko ca nyumba ya amama ku Chadiza anapanga ndi atate, ine ndili Giredi 3. Ni ca mukwa, colemera, cofiirira monga tiyi wopanda mkaka. Atate anatisiya kale, koma ico cikalipo, cilibe ngakhale kabowo, pakuti mtima wa mukwa ciswe sicilimbana nao. Vuto inali felemu. Iyo inali ya paini, ndipo ciswe cinaidya miyendo yonse iwiri, kuyambira pansi mpaka ca m'maondo. Hinji ya pansi inatsala yogwira mphepo cabe. Usiku amama anali kukankhira mtondo kucitseko ndiye n'kugona.

Atsibweni, alongo ao a amama, anali atagamula kale: tigumule, tiike felemu ya citsulo na citseko ca citsulo. Kwathu kwa Acewa mau a atsibweni sapita pansi, ndipo sanali kunama. Koma mafelemu a citsulo amabwera na saizi yao, pamene citseko ca atate ni cacikulu kupitirira pamenepo. Cikanathera ku khola la mbuzi. Cinanso, njerwa za nyumba ija anamangira dothi, osati simenti. Kuzula felemu yonse ni kugwedeza cipupa conse. Amama pa foni anangoti, "Mmene aonera atsibweni akowo." Mau ao ndimawadziwa. Sanafune.

Manje ku Lusaka kuli mnyamata wina amene amamanga zipinda zabodza zojambuliramo mavidiyo a nyimbo. Tsiku lina tikudikira woimba (anacedwa maola atatu, dzina sindichula lero), ndinamuona akuboola malo a soketi pa thabwa loimirira kale, na kamakina kokhala monga tochi yaikulu. Sanayambire m'mphepete, sanaboole na dirilo. Anangokalowetsa pakati pa thabwa, fyuu, kabowo ka makona anai.

Dzina lake ni oscillating multi-tool. Buledi yake sizungulira monga ya giraindala. Imanjenjemera uku na uku, pang'ono kwambiri, madigiri atatu kapena anai, koma kufika ka 20,000 pa mphindi imodzi. Maganizo ake anacokera kucipatala: mu 1967 kampani ya Fein ya ku Germany inapanga kasowo konjenjemera koculira pulasitala ya munthu wothyoka mwendo. Pulasitala ni youma, imadulika, pamene khungu limangotsatira kunjenjemerako. Osakayesa pa cala canu, buledi ya matabwa ili na mano ndipo magazi mudzawaona.

Mu August wa 2024 ananditumiza ku Kulamba, ku Mkaika ku Katete, ndiye ndinati kucoka kumeneko ndipitirire kwathu. Ndinamupempha mnyamata uja. Anandiyang'ana kwa nthawi.

"Sisi, ukaitaya iyi, ni malipiro yako ya mwezi. Nakupasa mabuledi yatatu. Usaikankhe, isiye izidya yeka."

Mau otsiriza aja ndinawamva na khutu limodzi.

Atsibweni anafika m'mawa pa njinga, sowo yao na nyundo atamanga pa kaliyala. Nditatulutsa makina m'cikwama, pakati pa mawigi na ma caja, anaseka mpaka kukhosomola.

"Naphiri, kometera tsitsi aka ndiye kadule felemu?"

"Kazadula, atsibweni. Muzaona."

"Kazadula! Cinyanja ca ku Lusaka ici. Kwathu kuno timati kadzadula."

Nditakayatsa, ana a pafupi anathamangira kudzaona, ndipo mmodzi anakuwa kuti ka udzudzu. Dzina linakhala lomwelo.

Pulani yanga inali yakuti tidule mwendo wodyewa wokha, felemu ili m'cipupa momwemo, n'kulumikiza thabwa latsopano. Sowo ya atsibweni singacite zimenezo, pakuti ifunika malo opita kutsogolo na kubwerera, ndipo kumbuyo kwa felemu kuli njerwa. Giraindala ingadule, koma ingatafune na cipupa comwe. Apa ndiye pamene ka udzudzu kamaposa onse: kamalowa na kumutu, pamalo pothina, n'kuima pamene wafuna.

Ndinajambula mzere na pensulo, n'kuyamba. Masentimita awiri oyamba, bwino. Kenaka mtima unathamanga, anthu akundiona, ndinayamba kukankha na mphamvu. Utsi. Fungo la thabwa lopsa. Kenaka kulira kwina kwake, kokwiitsa mano. Nditacotsa, buledi inali yakuda, mano onse atatha monga nkhama za agogo. Ndinali nditagunda msomali wa mainchesi anai umene atate anakhomera felemu kucipupa, ndipo buledi ija inali ya matabwa okha. Imodzi yapita, nchito isanayambe n'komwe. Pa boma ndinazungulira mashopu a hadiweya masana amenewo, palibe amene anali nayo, ena anali asanaionepo.

Atsibweni sanaseke ulendo uno. Anatenga nyundo, n'kuyamba kugogoda felemu pang'onopang'ono kucoka pansi, khutu lili pafupi. Pamene ine ndinajambula panali kulira phuphuphu, m'kati muli mphako. Anakwera cikhato cimodzi na theka, pamene thabwa linayamba kuyankha kuti ngo ngo.

"Ciswe cimadya m'kati, kunja cimasiya khungu. Ukadadula apo ukadalumikiza pa cinthu cakufa."

Anandisonyezanso timabowo totsekedwa na penti pamene panabisala misomali. Ndipo anakana mzere wanga woongoka. Anajambula wopendekera, wotsikira kunja, kuti madzi a mvula asamakhale pa mfundo, komanso kuti guluu apeze pogwira papakulu. Zimenezi palibe vidiyo ya pa TikTok inandiuzapo.

Tinayambanso. Msomali ndinaudula na buledi ya bi-metal, ija yodya thabwa na citsulo comwe, ndikuilowetsa mopyapyala pakati pa felemu na njerwa. Pa thabwa ndinaika buledi yotsala, n'kumata tepi pa iyo poonetsa kuya kwa felemu kuti ndisakafike ku njerwa. Ulendo uno ndinangogwira, osakankha, ndikuyendetsa dzanja uku na uku kuti utuci uzituluka. Kamacedwa, musanamizidwe. Kudula kumene sowo ikanamaliza pa mphindi imodzi pabwalo, ife tinatenga mphindi khumi, dzanja lacita dzanzi. Koma njerwa ngakhale imodzi sinagwedezeke. Valani magalasi na kansalu kumphuno, fumbi la ciswe na penti yakale ndinalilawa ndipo silikoma.

Mwendo woyamba utatuluka, batire inafa. Inali nthawi ija madzi anacepa ku Kariba, malaiti akupita pafupifupi tsiku lonse. Tinasiya caja pa soketi, n'kugona citseko cili cotsamira cipupa, pakhomo tatchinga na mphasa na mtondo uja. Ine tulo sindinatione. Ndinali kuganiza kuti ngati zakanika, ndagumulira amama nyumba na manja anga, ndipo atsibweni adzaikamba nkhaniyi pa maliro alionse mpaka ndidzakalambe. Malaiti anabwera pakati pa usiku. Ndinamva amama akudzuka mwakacetecete kukaona ngati kanyali ka caja kayaka.

Mawa lake mwendo waciwiri ndinaudula bwino, kamodzi. Zotsalazo zinali za atsibweni, ndipo pamenepo ka udzudzu kanalibe mau. Matabwa awiri a mukwa anawadula na sowo yao, kuwapala, kuwayesa, kuwapalanso, mpaka analowa monga anabadwira pamenepo. Kunsi anapaka oilo wakuda wa galimoto, mmene acitira amisiri akumudzi poopa ciswe. Dothi la pansi pa felemu tinalikumba, n'kuthirapo simenti. Ine ndinangobweranso na kasandipepa ka makona atatu kusalaza mfundo m'makona.

Ndikulongedza, atsibweni anakatenga, n'kukatembenuza m'manja.

"Kodula matabwa a denga sikangathe aka."

"Awe, sikangakwanise. Ni ka tunchito tung'ono."

"Nanga pati wa pa mawindo, uja wouma ngati mwala?"

Ndinawauza kuti kali na buledi yopalira, yopanda mano. Anati pa Khirisimasi ndikabwere nako, mawindo a kwao magalasi awiri anasweka kalekale. Mwini wake sindinamuuzebe, ndipo buledi ija ndinaocha ndinalipira ndekha.

Madzulo amenewo amama anatseka citseko, n'kutsegula, n'kutsekanso. Loko inalowa yokha, kwa nthawi yoyamba pa zaka zitatu. Sananene ciliconse. Anangoitana mwana wa pafupi kuti awathandize kubweza mtondo ku khichini.