Kodi Nsima M'Chingerezi N'chiyani?

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yomasulira imavuta pokhapokha munthu akakumana ndi mawu a zamalamulo kapena a zachipatala. Ine ndimaona kuti mawu ovuta kwambiri ali kukhitchini. Azakhali anga ali ndi kalesitilanti ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa boma la Salima, ndipo pa tchuthi china anandipatsa ntchito yolemba menyu m'Chingerezi. "Mwanangu, poti sukulu yako ndi ya ziyankhulo, undilembere zakudyazi m'chizungu," anatero. "Ndatopa n'kuvundukula mapoto kuti alendo aone okha." Zakudya zake sizinapitirire khumi ndi zisanu, koma zinandidyera sabata yathunthu.

Vuto linayambira pa mzere woyamba. Mawu ofala omasulirira nsima ndi akuti "porridge", nthawi zina n'kuwonjezerapo "stiff" kapena "thick". Koma kwa Mngerezi, "porridge" ndi chakudya cham'mawa, chamadzimadzi, chothira mkaka ndi shuga, chodya ndi supuni. Kwathu limeneli ndi phala, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti phala amamwa pomwe nsima amadya. Mawu amenewa sauza mlendo kuti asambe m'manja, ateme mbamu, aiumbe ndi kusunsa mu msuzi. Sasiyanitsanso nsima ya ufa woyera, ya mgaiwa ndi kondowole wa chinangwa. Mawu akuti ndiwo nawo ali ndi tsoka lomwelo. Timawamasulira kuti "relish", chikhalirecho kwa eni chiyankhulo "relish" ndi kanthu kochepa koika pambali pa mbale kuti kakometsere chakudya. Mlendo angadabwe kuona nsomba yathunthu ikutchedwa choncho.

Pa nsomba ndi pamene ndinakhalitsa. Chambo ambiri amangolemba kuti "tilapia". Sikunama ayi, chifukwa chambo ndi cha m'gulu limenelo. Koma dzinali ndi thumba lalikulu lomwe mumalowanso makumba, amene anthu amaweta m'madamu, ndi nsomba zina za m'maiko akutali. Chambo chenicheni chimachokera ku Nyanja ya Malawi ndi madzi olumikizana nayo, ndipo chikusowa. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la nsomba zomwe zili pangozi yaikulu yotheratu. Choncho menyu ikangonena kuti "tilapia", wogulitsa wosakhulupirika akhoza kuika nsomba ina iliyonse m'mbale n'kulipiritsa mtengo wa chambo, popanda womugwira bodza. Dzina lathu limateteza wogula, limatetezanso msodzi amene wavutikira nsomba yeniyeniyo.

Usipa amautcha "lake sardine", mpasa amautcha "lake salmon". Maina amenewa amangofanizira nsomba zathu ndi za kunyanja zamchere zomwe azungu anazizolowera. Zoona, mpasa umakwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaswana, ngati mmene imachitira "salmon", koma pachibale uli kutali nayo. Kampango, mlamba ndi bombe zonse zimamira m'mawu amodzi akuti "catfish", pomwe mayi aliyense wa ku Salima amadziwa kuti zimasiyana kakomedwe ndi mtengo womwe. Nanga usipa wofutsa, wouma ndi wauwisi? Apa Chingerezi chimafuna chiganizo chonse pamene ife tikugwiritsa ntchito liwu limodzi.

Pali mawu ena amene kuwasiya kungavulaze munthu. Nkhwani wotendera ambiri amangolemba kuti "pumpkin leaves", kutendera kuja n'kukuiwala. Komatu kutendera ndi kuthira nsinjiro, ndipo pali anthu amene thupi lawo limadana ndi mtedza, moti akangolawa pang'ono amatupa, ena mpaka kubanika. Futali nayenso ali ndi nsinjiro. Nditawafotokozera azakhali zimenezi anagwira pakamwa. "Mtedza womwewu?" anafunsa. Tinagwirizana kuti paliponse pamene pali nsinjiro, mawu akuti "groundnuts" aoneke bwinobwino. Womasulira akafupikitsa mawu pofuna kusunga malo papepala, amene amalipira ndi wakudyayo.

Njira yotulukira m'mavutowa inandionekera pocheza ndi mayi wina wa ku Netherlands amene ankadya pamalopo kawirikawiri. Atalawa futali anati amukumbutsa chakudya cha kwawo chotchedwa "stamppot", chomwe ndi mbatata ya kachewere yosinja pamodzi ndi masamba. Anandiuza kuti nawonso amavutika pochilemba m'Chingerezi, chifukwa akati "mashed potatoes" chimamveka ngati chakudya china. Ambiri amangosiya dzina lawolo n'kulifotokoza pansi pake. Ndinakumbukiranso zomwe tinaphunzira m'kalasi za kubwerekana mawu. Mawu a Chingerezi akuti "cookie" ndi "coleslaw" anachokera ku Chidatchi, "pizza" ku Chitaliyana, "sushi" ku Chijapani. Chingerezi sichikana mawu a zakudya. Ifenso tinabwereka buledi, kabichi ndi tiyi osachita manyazi. Nanga n'chifukwa chiyani tiziopa kubwereketsa athu?

Motero pa menyu ya azakhali chakudya chilichonse chinakhala ndi dzina lake lenileni m'zilembo zikuluzikulu: nsima, chambo, kampango, usipa, futali, zitumbuwa, thobwa. Pansi pa dzina lililonse ndinalemba mzere umodzi wa Chingerezi wonena zomwe zili m'chakudyacho ndi mmene chaphikidwira. Pa zitumbuwa ndinatchula nthochi, ufa wa chimanga ndi kukazinga m'mafuta. Pa thobwa ndinatchula chimera ndi kunena kuti ndi chakumwa chotsekemera chomwe sichinasase n'kusanduka mowa. Pa nsima ndinawonjezera kuti imadyedwa ndi manja.

Ena anganene kuti mlendo wanjala alibe nthawi yophunzira Chichewa. Koma munthu amene wawoloka nyanja zikuluzikulu kudzafika ku Salima sanabwere kudzafuna zomwe wasiya kwawo. Akaitanitsa chakudya ndi dzina lake, woperekera zakudya amamva msanga, wophika sasokonezeka, ndipo mlendoyo amabwerera kwawo ali ndi liwu limodzi kapena awiri a kuno. M'chaka cha 2017 bungwe la UNESCO linalemba nsima pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a padziko lonse, ndipo linailemba ndi dzina lomweli lakuti nsima. Ngati a kunja aona kuti dzinali n'lokwanira, ife ophunzira za ziyankhulo tisakhale oyamba kulibisa. Ntchito yathu ndi kufotokoza momveka ndi moona zomwe zili m'mbale, dzina n'kulisiya mmene makolo analitchulira.