Zojambula Zatsopano pa Thanthwe Lakale

Mwezi wa June ukafika kuno ku mapiri a Dedza, chisanu chimaboola ngakhale bulangete, ndipo anthu amafulumira kuunjikana pamoto. Tinali pamoto wotere, m'mudzi wina m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, pamene wailesi inalengeza kuti Lucius Banda, uja tinkamutcha Soja, wamwalira ku South Africa pa 30 June 2024. Tonse tinangoti kukamwa yasa. Kenaka wina anayamba kutchula nyimbo zimene ankazikonda, mnzake naye zake, kufikira tinazindikira chinthu chochititsa manyazi. Nyimbo zonse tinatchulazo zinali za m'zimbale zake zoyambirira, Son of a Poor Man, Down Babylon ndi Cease Fire, za m'zaka za m'ma 1990. Munthuyo anatulutsa zimbale 20, koma ife tinamusiya panjira, iye akupitiriza ulendo.

Zinatheka bwanji? Ife amene tili ndi zaka za m'ma 30 tinakulira pa makaseti. Tinkayanika mabatire padzuwa kuti abwezeko mphamvu, tinkapota kaseti ndi cholembera kuti wailesi isatope, ndipo nyimbo imodzi tinkaibwereza mpaka kuiloweza. Nyimbozo zinamatirira ku ubwana wathu monga chisoso chimamatirira ku chovala. Titakula, sukulu ndi ntchito zinatitangwanitsa, ndipo tinayamba kuyankhula ngati nkhalamba: "Nyimbo zinali kale, za lerozi ndi phokoso chabe." Tinaweruza mlandu tisanaumve.

Maliro atatha, mphwathu anapita pa boma la Dedza nakatiikira zimbale zotsalazo m'lamya ya m'manja. Kwa milungu ingapo, madzulo ali onse, tinkamvera chimbale chimodzi kuyambira poyamba mpaka pothera, osadumpha nyimbo: Cell 51 Maximum, chimene dzina lake likukumbutsa za kumangidwa kwake ku ndende ya Zomba mu 2006, Thank You cha mu 2015, kenaka Crimes ndi Love and Hate. Sitinganame kuti nyimbo zonse zinatikomera. Zina zinangodutsa ngati mphepo. Koma tinamva mawu a munthu wina amene sitinkamudziwa. Mnyamata wa ku Balaka uja, amene anaphunzira zoimba mu Alleluya Band pambali pa mkulu wake Paul, anali atasanduka bambo wolawa Nyumba ya Malamulo, ndende ndi matenda. Zonsezo anatiuza ali moyo, ife makutu tili kwina. Akuluakulu sananame kuti madzi akatayika sawoleka.

Pofuna kuti tisabwerezenso cholakwacho, tinafunafuna oimba ena amene tinawataya. A Black Missionaries a ku Chileka tinkawadziwa ndi zimbale ziwiri zoyamba za Kuimba, za nthawi ya Evison Matafale amene anamwalira mu 2001. Komatu anzake anapitiriza mndandandawo mpaka kupyola zimbale khumi. Tay Grin, amene nyimbo zake za rap tinkaziyesa zachilendo, tinampeza akukometsa nyimbozo ndi ng'oma ndi mavinidwe a Gule Wamkulu wa kwathu konkuno. Agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, ambiri tinali titawaiwala kufikira mu 2020 pamene Patience Namadingo anakhala nawo pansi n'kuimba nawo, ndipo posakhalitsa mawu awo anamveka mpaka kutsidya kwa nyanja. Kunjanso n'chimodzimodzi: gulu la ABBA linatulutsa Voyage mu 2021 patapita zaka 40 lili chete, ndipo a Rolling Stones anatulutsa Hackney Diamonds mu 2023, Mick Jagger ali ndi zaka 80. Mtengo wakale subala zipatso zakale.

Tsiku lina m'milungu yomweyo tinakwera ku phanga la Chentcherere, ndipo kumeneko nkhaniyi inatiunikira bwino. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula pa matanthwe, ndipo bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zojambula zofiira zinasiyidwa ndi Akafula, alenje akalekale. Zoyera zinajambulidwa ndi makolo athu Achewa, za chinamwali ndi za nyau, zina mpaka m'zaka za m'ma 1900. Malo ena zoyera zinajambulidwa pamwamba penipeni pa zofiira. Thanthwe ndi lomwelo, koma mbadwo uli wonse unabwera ndi chonena chake. Mlendo amene angayang'ane zofiira zokha, nati zoyerazi n'zadzulodzulo, waona theka la nkhani. Woimba wokhalitsa ali ngati thanthwe limenelo: chimbale chatsopano sichifufuta chakale, chimangoonjezerapo zaka zimene mwini wake wadutsamo.

Tsono, abale athu owerenga, kodi khalidweli limathera pa oimba okha? M'nyumba zathu muli bambo amene timamudziwa monga analili tili ana, osafunsa zimene ukalamba wamuphunzitsa. Muli mayi amene timamuyamikira nsima yake yokha, ngati kuti alibe maganizo atsopano. Mwamuna ndi mkazi amatha zaka 20 ali pabanja, wina akumvabe mnzake ndi makutu a tsiku la ukwati. Timakonda anthu athu monga timakondera kaseti yakale, ndipo mawu awo a lero timadzawafuna pa tsiku la maliro.

Ife tadziikira lamulo laling'ono. Mwezi uli wonse timvera chimbale chimodzi chatsopano cha woimba amene tinamusiya kale, mpaka kumapeto, tisanaweruze. Ndipo tikapita kumudzi tidzakhala pamphasa ndi amayi, osati kuti atibwerezere nthano zimene tikuzidziwa, koma kuwafunsa zimene zili kumtima kwawo chaka chino. Chisanu chidzabweranso, moto tidzasonkhanso, koma si onse amene tidzawapeze pamotopo.