Kaseti ya Amayi

Mu September 1984, kutatsala milungu iwiri kuti ndikwere ndege ya ku London, ndinapita kumudzi kwathu ku Dedza kukatsazika. M'chikwama ndinali nditaika wailesi ya kaseti yobwereka, mabatire ndi makaseti atatu. Amayi ndinawapeza pakhonde, lichero lili pamiyendo, akuswa mtedza wa mbewu. Pagulu ankanditchula kuti aphunzitsi, koma tikakhala awiri ndinali iwe basi.

"Iwe, ndiye ndiyankhule chiyani m'kachinthuka?"

"Chilichonse, amayi. Ingochezani ngati mmene timachezera."

Poyamba anachita manyazi, mawu akutuluka ngati a munthu amene akupereka umboni pabwalo la milandu. Kenaka anaiwala kuti pali makina. Anasimba za njala ya 1949, za ulendo wa bambo ku Joni pa Wenela, za nkhuku zimene zinatha ndi chitopa, ndi za mkangano wa malire a dimba. Sindinajambule mawuwo chifukwa cha sukulu ayi. Ndinkangoopa kusungulumwa kudziko la eni.

Nthawi imeneyo n'kuti ndaphunzitsa Chichewa kusekondale kwa zaka zingapo, ndipo ndinkadziona ngati mlonda wa chiyankhulo. Ife ndife mbadwo umene unakula Chinyanja chitangosinthidwa dzina mu 1968 n'kukhala Chichewa, chiyankhulo cha fuko. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973 n'kukonzedwanso mu 1980, ndipo pa wailesi ya MBC tinkatchera khutu ku Tiphunzire Chichewa. Galamala ndinkaidziwa pamtima: dzina, mneni, mfotokozi, muonjezi, mvekero, magulu a mayina kuyambira Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma mpaka Ka-Ti. Cholembera changa chofiira sichinkagona. Ndikukumbukira mnyamata wina wa Fomu 2, wofatsa, amene m'chimangirizo chake analemba kuti "kubyala chimanga". Ndinadula mzere pa liwulo, n'kumuimiritsa pamaso pa anzake kuti anene "kubzala" katatu. Iye ananena motsitsa kuti kwawo amatero. Ndinamuyankha kuti kwawoko amalakwitsa.

Ndi mtima umenewo ndinafika ku School of Oriental and African Studies, pafupi ndi Russell Square, kukachita digiri yachiwiri ya sayansi ya ziyankhulo. Maphunziro ake anali a chaka chimodzi, koma chaka chothinana ngati mtolo wa nkhuni. Za kuzizira sindinenapo zambiri. Chimene chinandisokoneza kwambiri n'chakuti mu December kunkada 4 koloko isanakwane, ine n'kumayasamula ngati nthawi yogona yakwana.

Phunziro limene linayamba kundigwedeza ndi la katchulidwe ka mawu. Mphunzitsi wathu, bambo wachikulire wa khutu lakuthwa, anandiimiritsa kuti ndinene "bambo", kenaka "basi". Ndinanena. Anandiuza kuti ndigwire pakhosi ndi zala ziwiri, ndibwerezenso. Pa "bambo" ndinamva kholingo likutsika pang'ono, ngati mpweya ukufuna kubwerera m'kati. Pa "basi", liwu lobwereka, silinatsike. Anzanga a m'kalasi, ochokera ku Japan, ku Nigeria ndi ku Mangalande komweko, anayesa kutchula b wathuyo, ena n'kulephera. Zaka zonsezo ndinkaphunzitsa kuti b ndi lembo limodzi, osadziwa kuti m'kamwa mwanga muli a b awiri. Anandigwiritsanso kapepala kutsogolo kwa milomo kuti ndinene "pala" ndi "phala". Pa "pala" kapepala kanangoti phee, pa "phala" kanagwedezeka.

Sabata ina anandifunsa kuti ndifotokozere kalasi mmene Chichewa chimakwezera ndi kutsitsira liwu. Ndinayankha ndi mtima wonse kuti zimenezo n'za Chitchaina ndi Chiyoruba, ife tilibe. Sanatsutse. Anangondipempha kuti nditchule chinthu chimene chimamera m'nkhalango, kenaka chimene wogula amafunsa pamsika. Ndinati mtengo, ndinatinso mtengo. Mtsikana wa ku Nigeria uja anadumphira kuti wamva mawu awiri osiyana. Pa wa m'nkhalango liwu limakwera pa "te", pa wa pamsika limangoyenda pansi. Ndinadziwa kusiyanitsa mawuwo ndisanayambe n'komwe sukulu, koma palibe tsiku limene ndinamvapo kusiyanako ndi khutu langa.

Usiku umenewo, m'kachipinda kanga, ndinaika kaseti ya amayi. Kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka makoko a mtedza akuti thyo, thyo, ndi tambala wa kwa aneba. Penapake anati, "Masiku onse ndimathandiza azakhali ako kutunga madzi." Patsogolo pang'ono anati, "Dzulo ndimathandiza anzanga kumweta udzu." Ndinaimitsa, ndinabweza tepi, ndinamvetseranso. Polemba ndi liwu limodzi, malembo omwewo. Koma pa la masiku onse liwu linakwera pa "ndi" woyamba ndi pa "ndi" wachiwiri, ndímathandíza, pamene pa la dzulo linakwera pa "tha", ndimathándiza. Nthawi ya mneni, imene ine ndinkaphunzitsa kuti imakhala m'timaphatikizo ta "na", "ma" ndi "dza", inalinso m'nyimbo ya mawu. Amayi, amene sanapondepo m'kalasi, sanaphonye ngakhale kamodzi m'makaseti onse atatu. Ndinabweza tepiyo mpaka mabatire anafooka, mawu a amayi n'kuyamba kukoka ngati a mwamuna.

Pamenepo ndiye panachokera mutu wa kafukufuku wanga. Ndinafika pa nthawi yabwino, pakuti akatswiri anali atayamba kuona kukwera ndi kutsika kwa liwu ngati chinthu chokhala pa mzere wakewake, chimene chimatha kusuntha kuchoka pa phatikizo lina kupita pa lina. Maganizo amenewa anawatchukitsa ndi John Goldsmith mu 1976, ndipo mu 1984 momwemo iye ndi G. N. Clements anatulutsa buku la nkhaniyi pa ziyankhulo za Chibantu. Tinkaphunziranso za Noam Chomsky ndi mitengo yake ya ziganizo, ndipo mayeso ake ndinakhoza, koma mtima wanga sunali kumeneko. Unali pa timakadi timene ndinkalembapo mneni mmodzimmodzi wochokera pakamwa pa amayi, n'kuika kachizindikiro pamwamba pa lembo la liwu lokwera. Timakadito tinadzaza mabokosi awiri a nsapato.

Laibulale ya pasukulupo inandionetsa kuti sindinali woyamba kunyamula chiyankhulochi kupita nacho kutali. Ndinagwira ndi manja anga dikishonale ya Johannes Rebmann ya 1877, imene anaitcha ya Kiniassa. Mawu ake anawatola pafupi ndi Mombasa kwa Salimini, munthu wa kwathu kuno amene anagwidwa ukapolo. Ndinkawerenga mayina a zinthu za kumudzi m'bukulo n'kumaganiza za munthu ameneyo, akutchula mtondo ndi munsi kudziko kumene sakanabwererako kwawo. Ndinaonanso dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya 1892, ndi mabuku anayi a Malcolm Guthrie, amene anaphunzitsapo pasukulu yomweyo, mmene Chichewa chili pa N31, Chitumbuka pa N21, Chisena pa N44, zonse m'khola limodzi ngati ana a mimba imodzi. Kuona zimenezo kunandipweteka, chifukwa chaka chomwe Chichewa chinakwezedwa, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo sichinabwerere mpaka 1994. Nkhani zotere masiku amenewo sitinkazikamba mokweza, ngakhale ku London.

Buku limene ndinakhala nalo nthawi yaitali ndi galamala ya Chichewa ya Mark Hanna Watkins, ya 1937. Watkins anali Mmereka wakuda, wophunzira wa Edward Sapir, ndipo amene ankamutchulira mawu ku Chicago anali mnyamata wa ku Kasungu, Kamuzu Banda. Watkins sanalembe zoti Mchewa ayenera kunena chakuti. Analemba zimene anamva, pamodzi ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Imeneyo ndiyo inali mfundo ya maphunziro onse a chaka chimenecho: katswiri wa chiyankhulo amayamba wamvetsera, ndipo mwini chiyankhulo akanena kuti kwawo amatero, umenewo ndi umboni wofunika kuulemba. Malamulo a kalembedwe ndi ofunika, ndipo mpaka lero ndimawalemekeza, pakuti popanda iwo buku la ku Nkhoma silingawerengeke bwino ku Nsanje. Koma lamulo la kalembedwe ndi pangano la anthu olemba, silisandutsa pakamwa pa agogo a munthu kukhala polakwa. Mnyamata wa "kubyala" uja anandibwerera m'maganizo ndili m'laibulalemo, ndipo sanandichokenso. Akanakhala kuti ndinamufunsa kuti kwawoko amanenanso chiyani china, bwenzi ndili ndi bokosi lachitatu la timakadi, iyenso akanakhala pansi tsiku lija mutu uli m'mwamba.

Pepala langa ndinalitayipa ndekha pa makina obwereka, timizere ta pamwamba pa malembo n'kumaika ndi cholembera chakuda, tsamba ndi tsamba. Pa tsamba loyamba ndinalemba dzina la amayi lonse, ndi mfunda wawo, ndi mudzi wawo, kuti aliyense wotsegula adziwe mwini mawuwo.

Nditabwerera mu 1985 ndinapita nalo kumudzi. Analigwira ndi manja awiri, analitembenuza, n'kufunsa kuti muli chiyani. Ndinawauza kuti muli Chichewa chawo. Ndinawaonetsa pamene panali dzina lawo, iwo n'kuikapo chala. Kenaka anafunsa ngati azunguwo anamva bwino nkhani ya malire a dimba ija, chifukwa mbali ina anaiwala kuifotokoza.

Zaka zotsatira Chichewa chinamveka kutali. Mu 1987 Joan Bresnan ndi Sam Mchombo analemba za agwirizanitsi athu m'magazini ya Language, ndipo ophunzira a m'mayiko ambiri anayamba kudziwa ziganizo za Chichewa. Al Mtenje anazama pa nkhani yomweyi ya kukwera ndi kutsika kwa liwu kuposa pamene ine ndinafika. Mu 1996 ku Zomba kunatsegulidwa Centre for Language Studies m'malo mwa Chichewa Board, yoyang'ana ziyankhulo zonse za m'dziko muno. Ine ndinabwerera m'kalasi momwe ndinachokera, ndipo chaka chilichonse phunziro langa loyamba linali loti ana agwire pakhosi ndi zala ziwiri, anene "bambo".

Amayi anatisiya kalekale. Mwa makaseti atatu aja, awiri anadyedwa ndi chinyezi. Yotsalayo mdzukulu wanga anaisamutsira mufoni chaka chatha, ndipo tinamvetsera limodzi pakhonde. Iye anadabwa kumva agogo ake aakulu akuti "ŵana", ndi w wofewa uja amene achinyamata ambiri satchulanso. Anayesa kuwatsanzira kangapo. Chakumapeto kwa tepiyo mtedza umasiya kusweka, lichero limamveka likuikidwa pansi, ndipo amayi amati, "Iwe, zimitsa tsopano, ndikaike madzi a nsima pamoto."