Kilatchi ikatha: tigule kuti, atiikire ndani?



Kuno ku Dubai galimoto zambiri n'za otomatiki, moti ena nkhani ya kilatchi angaione ngati yamakedzana. Koma ambirife timayendera galimoto zakale za magiya apamanja, chifukwa ndi zimene thumba lathu lidakwanitsa pa msika wa ku Al Aweer. Ena tili ndi Hilux kapena minibasi ya Hiace kumudzi, yomwe imalipira fizi ya ana ndi kugula feteleza wa makolo. Kilatchi ikatha pa galimoto zotere, ntchito nayo imaima.

Ife anamwino amene timakhala ku Sharjah pothawa lendi, n'kumagwira ntchito ku Dubai, timaudziwa bwino mdipiti wa galimoto wa m'mamawa pa msewu wa Al Ittihad. Kusuntha pang'ono, kuima, kusunthanso, phazi lili pa kilatchi, kunja kukutentha kupitirira madigiri 40 m'miyezi ya July ndi August. Palibe chodya kilatchi kuposa pamenepa. Tsono mnzathu amene wachezera mu wodi usiku wonse sangaweruke ife tisanafike kudzalandira odwala. Galimoto ikatifera panjira, amalipira ndi iyeyo, ndi tulo take.

Mwayi wake ndi wakuti kilatchi imayamba yadandaula isanafe. Tikaponda mafuta injini n'kulira kwambiri koma liwiro osaonjezereka, makamaka pa giya yaikulu kapena pokwera mlatho, ndiye kuti puleti yadyeka, ikuterereka. Fungo la chopserera, kunjenjemera ponyamuka, ndi kulira kobwera tikaponda pedulo, zonsezi n'zizindikiro. Koma pedulo ikamangolowa pansi wopanda mphamvu, magiya n'kumakana, kawirikawiri vuto limakhala pa masilinda a mafuta a kilatchi, omwe pa galimoto zambiri zakale amasinthidwa osatsitsa giyabokosi. Makaniko wofuna kutsitsa giyabokosi asanaone masilindawo timuonetsetse. Pepala la ku Tasjeel nalo lisatinamize. Galimoto yopitirira zaka 3 imayesedwa chaka ndi chaka, koma oyesawo satsegula giyabokosi.

Chomwe taphunzira m'zaka zathu kuno ndi ichi: pa kilatchi, chowawa kwambiri ndi kuibwereza ntchito. Kuti makaniko aifike, ayenera kutsitsa giyabokosi yonse, ntchito ya maola angapo. N'chifukwa chake zinthu zitatu zimasinthidwa limodzi: puleti, puresha puleti ndi bering'i. Kusintha puleti yokha kumaoneka ngati kupulumutsa madirham, koma bering'i yakale ikayamba kulira patapita miyezi yochepa, makaniko timamulipira kawiri, tsiku lantchito n'kutayanso kawiri.

Pogula, tisamangotchula kuti "Corolla ya 2008". Titenge nambala ya chesesi, ya zilembo ndi manambala 17, yomwe ili pa khadi ya galimoto. Galimoto za dzina limodzi ndi chaka chimodzi zimatha kusiyana injini, kukula kwa puleti ndi mano a shafiti. Kuntchito kwathu mankhwala sitipereka chifukwa bokosi lafanana ndi ladzulo. Timawerenga dzina, mlingo ndi tsiku lothera. Pa sitolo ya masipeya tichite chimodzimodzi.

Ogulitsa a ku Deira ndi ku Sharjah amagwiritsa mawu awiri a Chiarabu. "Asli" ndi chipangizo chenicheni cha kampani ya galimotoyo, pomwe "tijari" ndi cha makampani ena. Za tijari sizonse zoipa. Makampani a galimoto nawonso makilatchi ambiri amachita kugula kwa akatswiri ake. Aisin ndi ya m'banja la Toyota, Exedy, yomwe kale inkatchedwa Daikin, imapangira galimoto zambiri za ku Japan, ndipo ku Ulaya kuli LuK, Sachs ndi Valeo. Kilatchi ya mayina amenewa m'bokosi lawolawo imatsika mtengo poyerekeza ndi ya kwa ajenti, koma ndi yodalirika. Choopsa ndi bokosi lachinyengo lolembedwa dzina labwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo ukatsika modabwitsa kusiyana ndi m'masitolo ena awiri kapena atatu, tibwerere m'mbuyo. Masipeya akale a ku Industrial Area ya Sharjah amatithandiza pa zitseko, magetsi, ngakhale giyabokosi imene. Koma puleti yogwirapo kale ntchito ili ngati nsapato yotha chidendene, yotsala ndi masiku owerengeka.

Lisiti tisaisiye. Kuyambira mu January 2018 dziko lino limadula msonkho wa VAT wa 5 peresenti, ndipo sitolo yolembetsedwa imapereka lisiti yokhala ndi nambala yake ya msonkho. Palinso lamulo loteteza ogula la chaka cha 2020. Koma munthu wopanda lisiti akadandaula kwa ndani, ndi umboni wanji? Tiwauze alembepo dzina la kampani yopanga ndi nambala ya chipangizo.

Magalaja ndi ambirimbiri ku Al Quoz, Al Qusais ndi Ras Al Khor, ndipo kukongola kwa chikwangwani sikuuza kanthu. Makaniko wabwino amayamba wayendetsa galimoto asanatchule mtengo. Amalemba mtengo wa ntchito padera, wa masipeya padera, asanamasule nati. Akatsitsa giyabokosi amatisonyeza flywheel, chitsulo chomwe puleti imagwirapo, ngati chapsa kapena chakumbika, chifukwa puleti yatsopano pa chitsulo chokumbika imanjenjemera. Amayang'ananso ngati kuseri kwa injini kukudontha oyilo, poti oyilo akafika pa puleti yatsopano amaiononga. Pomaliza amatibwezera zakale zija ndi mabokosi a zatsopano, n'kulemba miyezi imene akuikira kumbuyo ntchito yake. Wokwiya ndi mafunso amenewa tingomusiya mwaulemu. Ngati chilankhulo chikuvuta, titenge mnzathu wodziwa Chiurdu, Chihindi kapena Chiarabu.

Otumiza kilatchi kumudzi tisamale koposa. Minibasi zambiri za ku Malawi zidachokera ku Japan, ndipo zimatha kusiyana ndi zogulitsidwa kuno. Dalaivala atitumizire chithunzi cha kapuleti ka chesesi ndi injini tisanagule. Tiwerengerenso ndalama yotumizira ndi msonkho wa MRA, n'kufunsa mtengo wa ku Malangalanga ku Lilongwe kapena ku Limbe. Mwina n'kupezeka kuti kugula konko n'kwabwino. Makaniko wodzaika tigwirizane naye katundu asananyamuke, ndipo pa tsikulo pakhale wachibale woona ndi maso kuti zatsopanozo zalowadi m'galimoto.

Ikaikidwa, tiisunge. Pa maloboti tiike nyutilo, phazi tilichotse pa pedulo. Pa chitunda cha malo oimika galimoto tigwiritse handibuleki, tisamagwire galimoto ndi kilatchi.

Pempho lathu ku komiti ndi lakuti pa msonkhano ukubwerawu aliyense abweretse dzina la galaja ndi sitolo zomwe zidamuchitira chilungamo, tilembe m'kope limodzi. Obwera kumene ndi ana athu a sukulu amene akugula galimoto yoyamba ndi omwe amagwa msanga m'manja mwa akathyali. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kope likakhalapo, adzakhala ndi pofunsa.

Yendani bwino pamsewu, Mulungu akusungeni nonse.